Amalonda a Thukuta la Anzawo

Aliyense amene adayendapo pa msika wa Mponela, wa Madisi kapena wa Malomo m'miyezi ya chilimwe, fodya atatha ku okushoni ndipo nkhokwe zitayamba kupepuka, adamuonapo munthu amene ndifuna kunena pano. Sasenza thumba la mbatatesi ngati alimi otsika m'mapiri, sagulitsa kaunjika, ndiponso alibe sikelo yogulira soya kapena mtedza. Katundu wake ndi lamya ya m'manja, chikwama cha mapepala ndi lilime lozuna. Amaima pamthunzi, anyamata ndi atsikana namuzungulira, iye nayamba kuwatchulira malo mmodzimmodzi: ku Joni kukufunika amisiri, ku maiko a Aluya kukufunika antchito a m'nyumba, ku Israel kukufunika olima, ku Lilongwe kukufunika omanga ndi alonda. Munthu ameneyu ena amamutcha ajenti, ena dobadoba, ena amangoti bwana wolemba ntchito. Mwini wakeyo alibe munda woti ulimidwe, alibe nyumba yoti imangidwe, alibe mgodi woti ukumbidwe. Malonda ake ndi anthu.

Ndinena mosapsatira mawu kuti malonda otere, akasiyidwa popanda malamulo owamanga, ndi umbava wovala jekete. Sindikutsutsa kuti munthu achoke kwawo kukafuna ntchito, pakuti mnyamata amene watha chaka osagwira ndalama sangauzidwe kuti akhute kukongola kwa phiri la Ntchisi. Chimene ndikutsutsa ndi dongosolo loika munthu wachitatu pakati pa wogwira ntchito ndi mwini ntchito, munthu amene amadya mbali zonse ziwiri koma zinthu zikavuta sayankha mlandu mbali iliyonse. Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tiyenera kuudziwa bwino mchitidwe umenewu kuposa ena, popeza wakhala ukutidya kwa zaka zoposa 100, ndipo umangosintha malaya.

Tiyambe taona m'mene msamphawu amautchera. Pa ntchito ya masiku onse pamakhala anthu awiri, wolemba ndi wolembedwa. Ukalima ganyu m'munda mwa mnansi wako umadziwa khomo lokagogoda dzuwa likapendeka. Akakana kukulipira, nkhani imakafika kwa anyakwawa, ndipo iye amachita manyazi podziwa kuti mawa mudzakumana pamaliro. Pa ntchito ya ajenti pamakhala anthu atatu. Mwini ntchito amapereka ndalama kwa ajenti, ajenti amatapako gawo lake, ndipo zotsala ndizo zimafika kwa mwini thukuta. Wantchito sadziwa kuti mwini ntchito adapereka zingati, ndipo mwini ntchito safuna n'kudziwa komwe kuti wantchito walandira zingati. Mdima umene uli pakati pa awiriwa ndiwo munda wa ajenti, ndipo iye amaonetsetsa kuti kusache.

Zimenezi sindikuzitola m'mabuku mokha ayi. Msuweni wanga, mmisiri womanga nyumba amene khoma lake silifuna kuwongola, adatengedwa pamodzi ndi anzake kuchokera kumapiri kuno kupita ku Lilongwe kukamanga nyumba yosanja. Asanakwere lole adauzidwa kuti alipire ndalama yolembetsera dzina, ndipo adagulitsa mbuzi ziwiri za mayi ake. Mwezi woyamba adalandira theka la zimene adapangana, nauzidwa kuti zotsala akumusungira kuti zisamwazike. Mwezi wachitatu nsanja idagumuka, iye adagwa nathyoka mkono. Atapita kwa mwini nyumba adayankhidwa mwaulemu ndithu: "Pepani bambo, ine sindikudziwani. Ndidapangana ndi kampani yobweretsa anthu, ndipo ndalama zonse ndidapereka." Atapita kwa ajenti, nayenso adayankha mwaulemu: "Achimwene, inu si wantchito wanga. Ndinu mmisiri woima panokha. Ine ndidangokulozerani njira." Patapita sabata ziwiri lamya ya ajentiyo idasiya kupezeka, ndipo m'chipinda chimene chinali ofesi yake mudalowa wometa tsitsi. Msuweni wangayo adabwerera kumudzi ndi mkono wokhota, wopanda mbuzi, wopanda malipiro, ndipo mpaka lero sadziwa woti amusumire.

Taganizirani mawu akuti "woima payekha". Amamveka olemekeza, ngati kuti munthuyo wakwezedwa udindo, koma m'kati mwake muli mbedza. Pa nthawi yogwira ntchito munthuyo amauzidwa ola lofikira, ola lowerukira, pogona ndi chakudya chake, monga wantchito wina aliyense. Ikafika nthawi ya malipiro a tchuthi, ya matenda kapena ya chipukutamisozi, amasanduka mwadzidzidzi bwana wa iye mwini. Kuima payekhako kumangooneka tsiku la tsoka lokha. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Wantchito wobwereka nayenso sachedwa kuthyoka, pakuti womugwiritsa ntchito alibe naye chisoni cha mwini, ndipo wobwereketsayo akudziwa kuti kumudzi kwatsala nkhwangwa zina zambirimbiri.

Mchitidwe umenewu udafika m'dziko muno pamodzi ndi msonkho. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891 lidalamula kuti anthu azikhoma msonkho wa ndalama, pamene chuma cha makolo athu chinali mbewu, ziweto, makasu ndi nsalu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lidaonjeza lamulo loti wogwira ntchito kwa Mzungu kwa mwezi umodzi azikhoma theka la msonkhowo. Pamenepo olemba anthu adapeza chitseko chili chotsekula. Eni migodi ya golide ya ku Johannesburg adali atakhazikitsa bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene makolo athu adalifupikitsa nalitcha Wenela. Ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, kudabadwa bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau mu 1903, ndipo anthu adalipatsa dzina loti chibalo, mawu amene mpaka lero amatanthauza ntchito yakalavulagaga yochita kukakamizidwa. Anthu ochokera kuno ankafa ndi chibayo m'migodi ya ku Joni mochuluka kwambiri, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu a m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, pamene migodi idasowa manja okumba.

Komiti imene bwanamkubwa wa Nyasaland adaikhazika mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000, kuposa mmodzi mwa amuna anayi alionse amphamvu zawo, anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri anali atasanduka matchona. M'midzi yathu ya chikamwini zimenezi zidatanthauza akazi olima okha, nyumba zosafoleredwa, ndi ana okula osadziwa nkhope ya bambo wawo. Komatu olemba anthu ankadziwa kusankha maina. Malole amene boma la Southern Rhodesia lidaika kuti azinyamula ofuna ntchito ankatchedwa Ulere. Bungwe limene lidakhazikitsidwa kumeneko mu 1946 kuti lizipezera antchito eni minda anthu ankalidziwa ndi dzina loti Mthandizi. Mthandizi ameneyu ntchito yake yaikulu inali kupereka anthu ku minda ya malipiro otsika, imene munthu woyenda yekha ndi kudzisankhira bwana ankailambalala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ajenti wa lero amene amalemba pachikwangwani chake mawu onga chiyembekezo, mwayi kapena tsogolo adaphunzira kwa akuluakulu ake.

Funso lofunika kulifunsa ndi lakuti: kodi Wenela inkagwirira ntchito yani? Yankho lake ndi lachidziwikire. Eni migodi adagwirizana kuti azilemba anthu kudzera m'khomo limodzi kuti asamalimbirane antchito, pakuti ogula akalimbirana katundu mtengo umakwera. Katswiri wa zachuma wa ku South Africa, Francis Wilson, atafufuza malipiro a anthu akuda m'migodi ya golide, adapeza kuti mu 1969 malipirowo sankagula zinthu zoposa zimene ankagula mu 1911. Zaka 58 zathunthu golide akutuluka, mizinda ikukula, koma wokumba ali pomwepo. Nalo boma lathu, la atsamunda ndi lodzilamula lomwe, linkapezapo phindu, popeza linkalandira ndalama pa munthu aliyense wolembedwa, ndiponso gawo lalikulu la malipiro a munthuyo linkatumizidwa kuno kuti adzalandire atabwerako. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Phunziro lake n'lakuti ajenti amatumikira amene amamulipira zambiri ndiponso kawirikawiri. Wantchito amadutsa pakhomo pake kamodzi, koma mwini ntchito ndi kasitomala wa chaka ndi chaka.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana, chifukwa idathiridwa mafuta osakanizika ndi ena osayenera. Mudafa anthu 78, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi obwerera kwawo atatsiriza kontilakiti. Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu nthawi yomweyo. Mu 1977 khomo lidatsekukanso pang'ono, bungwelo litasintha dzina kukhala The Employment Bureau of Africa, limene ife tidalitcha Theba. Mu 1988 lidatsekekanso chifukwa cha mkangano wa maboma awiriwa pa nkhani yoyeza antchito kachilombo koyambitsa Edzi, ndipo m'zaka zotsatira amuna pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi. Pa kutseka ndi kutsekula konseku panalibe tsiku limene wokumba adafunsidwa maganizo ake. Ambiri adabwerako ndi fumbi la miyala m'mapapo, nadwala chifuwa chachikulu ndi nthenda ya silicosis. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg lidavomereza kuti makampani a migodi apereke R5 biliyoni ya chipukutamisozi kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust, kwa amene adagwira ntchito kuyambira mu 1965. Nanga nkhalamba ya kwa Nthondo kapena kwa Chiwere, imene mapepala ake adadyedwa ndi chiswe kalekale, ipindulapo chiyani? Nanga amene adatsikira kale kulichete? Chilungamo chimene chafika patapita zaka 40 chimapeza manda atamera udzu.

Tisafulumire kuloza chala Azungu ndi alendo okha, pakuti nafenso manja athu si oyera. Boma la Dowa ndi limodzi mwa madera amene ulimi wa fodya wa matenanti udayambira, m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi anzake adatsekula minda m'chigawo chapakati. Dziko litalandira ufulu, maesiteti adalowa m'manja mwa Amalawi, koma dongosolo lidakhala lomwelo. Chaka ndi chaka kapitawo ankapita ndi lole ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Zomba, kumene malo olima ndi ochepa, nakabwerako ndi mabanja athunthu, iye nalandira yake pa mutu uliwonse. Tenanti ankapatsidwa ndime, mbewu, feteleza ndi ndowa ya chimanga, zonse pa ngongole, ndipo mtengo wa fodya wake ankadula ndi mwini esiteti. Pofuna kukwanitsa ntchito, mkazi ndi ana omwe ankalowa m'nazale ndi m'chigafa popanda malipiro. Pakutha pa chaka buku la ngongole linkameza mabelo onse, ena nasowa ndi yokwerera basi yomwe. Mu 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito nithetsa utenanti. N'zochititsa manyazi kuti tidadikira ogula akunja kuti atitsine khutu pa chinthu chimene chinkachitika kuseri kwa nyumba zathu.

Lero lole ya kapitawo yasanduka uthenga wa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC idaulula za azimayi a ku Malawi amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika adalandidwa mapasipoti, nagwiritsidwa ntchito ya m'nyumba usana ndi usiku, ena namenyedwa ndi kugwiriridwa. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira wantchito wachilendo kwa bwana wake, kotero kuti wofuna kuchoka amauzidwa kuti abweze ndalama zimene bwanayo adalipira ajenti. Azimayi oposa 50 adachita kuomboledwa kuti abwerere kwawo. Ku Johannesburg, mu Novembala 2019, apolisi adapeza Amalawi 91, ena mwa iwo ana, atatsekeredwa m'fakitale ina momwe ankagwira ntchito mopanda tchuthi, ndipo mu 2025 khoti lidagamula anthu asanu ndi awiri opezeka olakwa pa mlanduwu kuti akakhale kundende zaka 20 aliyense. Anthu onsewa sadagwe kuchokera kumwamba. Alipo amene adawapeza pamudzi, nawalonjeza, nawaolotsa malire, nalandira yake.

Nkhani ya ku Israel ndi yosiyana, popeza idachitika poyera boma likudziwa, koma nayonso ili ndi phunziro. Nkhondo itabuka mu Okutobala 2023, antchito ambiri achilendo adachoka m'minda ya kumeneko. Mwezi wotsatira, womwenso ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti, achinyamata 221 adakwera ndege pa 25 Novembala kupita kukalowa m'malo mwawo, atalembedwa kudzera m'makampani a anthu wamba. Mgwirizano wa maboma awiriwa udasainidwa pambuyo pake, mu Epulo 2024. Ena mwa achinyamatawo adadandaula kuti zimene ankalandira zinali zochepa poyerekeza ndi zimene adayembekezera, ndipo mu Meyi 2024 anthu 12 adabwezedwa kuno chifukwa chosiya minda ndi kukagwira ntchito kwina. Adauzidwa kuti aswa kontilakiti. Koma kontilakiti imene imalanga wantchito akachoka, yosanena chilango cha bwana kapena cha ajenti akapotoza lonjezo, ndi chingwe chomanga mwendo umodzi. Ndipo m'dziko la nzeru malamulo oteteza anthu amatsogola, ndege nkumabwera pambuyo.

Tsono timve mbali ya otsutsa, pakuti alipo, ndipo ena mwa iwo ndi anthu oganiza bwino. Choyamba amati: popanda ajenti ntchitoyo ikadapezeka bwanji? Kodi malata oyamba m'midzi yambiri, njinga, mawailesi, makina osokera ndi ng'ombe zangolo sizidabwere ndi a ku Theba? Zoonadi zidabwera nawo, ndipo wokana zimenezi ndi wabodza. Ndivomeranso kuti kulumikiza wofuna ntchito ndi wofuna antchito ndi ntchito yeniyeni yoyenera malipiro. Koma malata aja adagulidwa ndi mapapo a wokumba. Sanali mphatso ya womulemba. Tikamawerenga nyumba zamalata tiziwerenganso amasiye ndi matchona. Ndiponso wopindula kwambiri ndi kulumikizako ndi mwini ntchito, amene wapeza anthu osatuluka m'ofesi mwake, choncho ndiye ayenera kulipira. Kuuza mlovi kuti agulitse mbuzi kapena atenge katapila kuti agule ntchito ndi kumumanga asanayambe n'komwe, pakuti munthu wangongole sangathe kukana chilichonse chimene akachipeze kumeneko.

Chachiwiri amati: munthuyo ndi wamkulu, adasaina yekha, palibe adamugwira dzanja. Mawu amenewa amanenedwa ndi anthu okhuta. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene minda ya makolo awo yagawidwa mpaka yatsala timizere. Mnyamata wotere akapatsidwa pepala la Chingerezi cha maloya, la masamba khumi, kunja lole ikulira ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa anzake ofuna malo omwewo, kodi tinganene kuti wasankha? Kuvomera kwenikweni kumafuna zinthu ziwiri: kudziwa chimene ukuvomera, ndi kukhala ndi mphamvu yokana. Lamulo lathu lothana ndi kuzembetsa anthu, la mu 2015, limazindikira zimenezi, pakuti silimasula wozembetsa chifukwa choti wozembetsedwayo adavomera atanamizidwa, ndipo chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende.

Chachitatu amati: si maajenti onse amene ali oipa. Izinso n'zoona, ndipo n'chifukwa chake malamulo akufunika. Pamene palibe malamulo, ajenti wachilungamo amagonja kwa wachinyengo, popeza wachinyengoyo amalonjeza mwini ntchito antchito otchipa ndipo amalonjeza wantchito malipiro a m'maloto. Ajenti woongoka alibe chifukwa choopera kaundula, monga wogulitsa nyama yabwino saopa woyeza nyama. Chachinayi, ena amati dziko likusowa ndalama zakunja, choncho tisavutitse otibweretsera. Mawu omwewa adanenedwa m'masiku a Wenela. Dziko limene limawerengera ana ake pamodzi ndi fodya, tiyi ndi shuga liyenera kukumbukira kuti belo la fodya likaonongeka panjira mwini wake amalipidwa ndi inshuwalansi. Kodi mwana wa munthu achepe mtengo kuposa belo?

Nanga tichitenji? Kuletseratu maajenti onse si yankho. Dziko la Namibia, limene lidazunzika kwambiri ndi bungwe lolemba anthu la SWANLA mpaka antchito adanyanyala ntchito mu Disembala 1971, lidayesa kuletsa malondawa m'lamulo la mu 2007, koma khoti lalikulu la kumeneko lidathetsa chiletsocho mu 2009. Komanso chinthu choletsedwa pamene njala ilipo chimangosamukira mumdima. Njira yabwino ndi kumanga ajenti ndi zingwe zoti sangazidule. Pangano nambala 181 la bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO, la mu 1997, limati makampani olemba anthu asalipiritse wantchito ndalama, kaya poyera kaya mobisa. Mfundo imeneyi ikhale mutu wa lamulo lathu. Ajenti aliyense alembetsedwe ku Unduna wa Zantchito, dzina lake lipachikidwe pa ofesi ya zantchito ya pa boma la Dowa ndi la Ntchisi, ndipo asungitse ku boma ndalama ya chikole yolipirira antchito ndi kuwabweza kwawo iye akathawa.

Kuonjeza apo, ajenti ndi mwini ntchito amangidwe pa goli limodzi, kuti wantchito wolakwiridwa azitha kusumira aliyense mwa awiriwo amene wamupeza. Ku South Africa lamulo lidasinthidwa mu 2015 kuti wantchito wa malipiro ochepa amene wagwira ntchito pamalo amodzi kupitirira miyezi itatu kudzera mwa ajenti aziwerengedwa wantchito wa mwini malowo, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidatsimikiza zimenezi mu 2018. Lamulo lotere likadakhalapo kuno, msuweni wanga sakadayankhidwa kuti "sindikudziwani". Kontilakiti ilembedwe m'chilankhulo chimene wantchito amamva, ionetse ndalama zimene mwini ntchito akupereka ndi zimene ajenti akutapa, ndipo wantchito asiye kope lake kumudzi. Pasipoti ikhale m'thumba mwa mwini wake. Maziko a zonsezi tili nawo kale. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, ndipo lamulo la ntchito la mu 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka kwa wantchito mfundo za ntchito yake zolembedwa. Chosowa ndi mano, ndiponso anthu odziwa kuti malamulowo ndi awo.

Nawo mafumu, atsibweni ndi akulu a mipingo ali ndi mbali yawo. Mlendo wofuna kutenga ana a m'mudzi ayambe waonekera pabwalo, afunsidwe kumene akuwatengera, aonetse chiphaso chake, ndipo dzina lake lilembedwe m'buku la anyakwawa. Munthu wofuna kukwatira mwana wa eni timamufunsa kwawo, mtundu wake ndi ankhoswe ake; nanga bwanji wofuna kutenga ana khumi kupita nawo kutsidya la nyanja timangomuombera m'manja? Amisiri nawonso, omanga, opala matabwa, owotcherera zitsulo ndi oyendetsa galimoto, aleke kuyenda aliyense payekha. Mutu umodzi susenza denga. Gulu la amisiri limene lili ndi mtengo umodzi wogwirizana, ndi buku lolembamo maajenti amene adathawa ndi ndalama za anthu, lingathe kuchita m'chaka chimodzi zimene madandaulo a munthu mmodzimmodzi sangachite m'zaka khumi.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pafupi kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo si nonse amene mudzapeze malo ku yunivesite kapena ku sukulu za ntchito zamanja. Tsiku lina munthu uja wa chikwama cha mapepala adzaima patsogolo panu, kapena uthenga wake udzalowa m'lamya yanu usiku. Sindikukuuzani kuti mudzathawe. Ndikukupemphani kuti mudzamufunse mafunso asanu. Kodi bwana wanga weniweni ndani, ndipo ali kuti? Kodi iye akupereka zingati, ndipo ine zidzandifika zingati? Ndikadwala kapena kuvulala adzalipira ndani? Ndikafuna kusiya ndidzabwerera bwanji kwathu? Kodi chiphaso chanu cha boma chili kuti, kuti ndikachionetse ku ofesi ya zantchito? Wachilungamo adzayankha mosakwiya. Wachinyengo adzakuuzani kuti malo atsala ochepa ndipo nthawi yatha, pakuti changu ndicho chida chake chachikulu. Akatero, kumbukirani kuti safunsa adadya phula.

Agogo athu adakwera malole a Ulere ndi ndege za Wenela osadziwa kuwerenga zimene adadindapo chala, ndipo sitingawadzudzule. Inu mwaphunzira kuwerenga, kuwerengera ndi kufunsa. Ena mwa inu mudzakhala maloya, alembi a m'maofesi a zantchito, aphungu ndi mafumu. Ena mudzakhala eni maesiteti ndi makampani omanga, ndipo tsiku lina ajenti adzabwera kwa inu kudzakutsatsani antchito otchipa. Tsiku limenelo mudzakumbukire kuti kutchipako alipo amene akukulipirira, ndipo mwina ndi mwana wa mlongo wanu wa ku Mvera kapena ku Kamsonga. Thukuta lili ndi mwini wake. Aliyense wofuna kudyapo ayambe wavomera kuti, zikavuta, mlandu udzamupeza pakhomo pake.